Theka la talente ndi nkhuni za Loweruka

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti munthu woitanidwa ndi Mulungu amadziwika ndi kolala yoyera pakhosi. Ndinakulira mu mpingo wa CCAP, m'banja limene agogo anga aamuna anali mkulu wa mpingo, ndipo kuyambira ndili m'kalasi, ndisanayambe n'komwe kudya mgonero, anthu ankandiuza kuti ndili ndi mawu a ubusa chifukwa ndinkawerenga Buku Lopatulika mosadodoma pa mapemphero a achinyamata. Mawu otere amatsekemera m'khutu la mnyamata, ndipo ine ndinawasunga mpaka anasanduka chimene ndinkachitcha maitanidwe anga. Nditayamba ntchito ya uphunzitsi ndinkaiona ngati pongoyembekezera basi, moti masana ndinkaphunzitsa masamu, usiku n'kumalemba maulaliki amene panalibe munthu wandipempha.

Ndinapempha kawiri kuti ndikaphunzire zaubusa, ndipo maulendo onse awiri dzina langa silinatuluke. Sindikuloza chala amene ankasankha, pakuti ofuna tinali ambiri ndipo malo anali ochepa, koma ndinganame nditanena kuti sizinandipweteke. Ulendo wachiwiriwo ndinatha miyezi ingapo ndikupita kutchalitchi ndi thupi lokha, ndikukhala pa benchi ya kumbuyo, ndikuyesa ulaliki uliwonse ndi umene ine ndikanalalikira. Kaduka ka munthu wopemphera n'kovuta kukazindikira, chifukwa mwini wake amakayesa changu cha pa ntchito ya Ambuye.

Amene anaona kuti ndikuwola m'kati anali abusa ena opuma amene ankakhala pafupi ndi sukulu yathu. Tsiku lina anandiitana pakhonde pawo, ndipo m'malo mondidzudzula anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi dzina la William Koyi munalimvapo?" Ndinali ndisanalimve, ngakhale mayina a Robert Laws ndi azungu anzake ndinkawatchula ngati a abale anga.

Abusawo anandifotokozera kuti mishoni ya Livingstonia itayamba ku Cape Maclear m'chaka cha 1875, James Stewart, mkulu wa sukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa, anapempha ophunzira a pasukulupo kuti ena adzipereke kudzathandiza ntchito kunyanja kuno, ndipo mu 1876 anasankhidwa anayi: Shadrach Mngunana, Isaac Wauchope, Mapassa Ntintili ndi William Koyi. Koyi anali atayamba sukulu ali wamkulu kale, ndipo pa maphunziro anali wotsalira poyerekeza ndi anzake. Pa msonkhano umene anthu ankadzipereka, iye anadzitchula munthu wa theka la talente, koma wokonzeka kupita ngakhale ngati wotema nkhuni ndi wotunga madzi. Mngunana anamwalira patangopita nthawi yochepa, Wauchope anabwerera chifukwa cha matenda, Ntintili nayenso anabwerera kwawo patapita zaka zingapo, ndipo amene anakhalitsa anali wa theka la talente uja. Chimene anali nacho chinali chilankhulo cha makolo ake, Chixhosa, chomwe chinkamveka kwa Angoni a Inkosi M'mbelwa pa nthawi imene azungu sankatha kulankhula nawo popanda womasulira. Anakakhala pakati pawo ku Njuyu, m'boma la Mzimba, akumasulira, akuziziritsa mitima pamene zinthu zavuta, mpaka anamwalira komweko mu 1886. Sanadzozedwe ubusa, ndipo Angoni oyamba a kumeneko anabatizidwa mu 1890, iye atagona kale zaka zinayi.

Nditabwerera kunyumba ndinafufuza kumene mawu a nkhuni ndi madzi aja anachokera, ndipo ndinawapeza pa Yoswa 9. Kumeneko si mawu aulemu ayi, koma chilango chimene Yoswa anapereka kwa Agibeoni atanyenga Aisraeli ndi zovala zakutha ndi mikate youma ngati kuti achokera kutali. Koyi anatenga ntchito imene inaperekedwa ngati temberero n'kuipempha ndi pakamwa pake. Chinandigwira kwambiri ndi chakuti ndime yomaliza ya mutuwo imanena kuti nkhuni ndi madziwo zinali za msonkhano ndi za guwa la nsembe la Yehova, kutanthauza kuti nsembe imene wansembe ankapereka inkapsa ndi nkhuni zimene Mgibeoni wasenza. Komabe ndiyenera kunena zoona kuti nkhaniyi sinandisinthe usiku umenewo. Ndinangoiona ngati mfundo yabwino ya ulaliki, ndipo ndinailemba m'kope langa lija.

Chimene chinandiphunzitsa chinali matenda a mayi anga. Anagonekedwa pa chipatala chachikulu masabata asanu, ndipo ine ndi mlongo wanga tinkasinthana powadikirira. Amene sanadikirirepo wodwala sadziwa kuti kuseri kwa mawodi kuli mudzi wina wa anthu ogona pa zitenje, ophika pa mafuwa, amene anachoka kwawo ndi ambulansi usiku atanyamula kathumba ka ufa kongokwanira masiku atatu, poganiza kuti abwerera msanga. Ufa ukatha amagawana, koma nkhuni m'tauni n'zogula, ndipo ndinaona amayi achikulire akutola mapepala ndi zigubu zosweka kuti aphikire wodwala phala. Ambiri sankatha kuwerenga zimene adokotala alemba m'kabuku ka kuchipatala, ena sankadziwa khomo la kojambulira kapena koyezera magazi, ndipo ankaopa kufunsa anamwino otanganidwa. Popeza ndinkaoneka wophunzira, anayamba kundibweretsera timabuku tawo. Ndinkawawerengera tsiku lobwereranso, kuwalozera njira, kuwaimbira foni abale awo akumudzi, ndipo mawu aja amene anthu ankati ndi a ubusa ndinawagwiritsa ntchito pofotokozera gogo wina kusiyana kwa mankhwala akumwa kawiri pa tsiku ndi akumwa katatu.

Mayi anachira, tinabwerera kunyumba, koma mtima wanga unatsalira pa mafuwa paja. Loweruka lotsatira ndinamanga mtolo wa nkhuni pa njinga n'kupita, osauza munthu, ndipo ndinabwerako ndi mtendere umene maulaliki anga onse a m'kope sanandipatsepo. Amayi a chigwirizano mumpingo mwathu anali akuyendera odwala kuyambira kalekale, atavala yunifolomu yawo, ndi nyimbo ndi sopo, ndipo ndinachita manyazi kuzindikira kuti ntchito imene ine ndinkaiona ngati ndaitulukira, iwo ankaigwira ine ndikadali kulota za guwa. Chimene chinkasowa chinali amuna, makamaka oti akhale pansi ndi abambo odikirira anzawo ku wodi ya amuna, amene amachita manyazi kupempha ngakhale mchere. Lero tilipo asanu ndi mmodzi, ndipo pakati pathu pali kalipentala amene amatisungira zidutswa za matabwa ndi woyendetsa kabaza amene amatinyamulira ulere.

Ndimadandaula ndikamva achinyamata akulalikiridwa kuti aliyense wa iwo ali ndi tsogolo la ukulu limene adani akulitchinga, chifukwa ndikudziwa mmene chiphunzitso chotere chimamuchititsira munthu kunyoza ntchito imene ili m'manja mwake. Ine chinanditayitsa zaka, ndipo ana amene ndinkawaphunzitsa masamu m'zaka zimenezo analandira mphunzitsi wa mtima theka. Paulo pa Aefeso 2:10 akunena za ntchito zabwino zimene Mulungu anazikonzeratu kuti tiyende m'menemo, ndipo sakunena kuti ntchitozo zidzakhala zoonekera. Sindikunyoza ubusa, ndipo amene anasankhidwa m'malo mwanga ena mwa iwo ndi abusa okhulupirika amene ndimawalemekeza; ndikungovomereza kuti chimene ndinkachilakalaka chinali choti anthu azindimvetsera.

Mwezi watha bambo wina wa ku Ntchisi, amene mwana wake anathyoka mwendo atagwa pa ngolo, anandigwira dzanja nditamutulira nkhuni nati, "Abusa, mutipempherereko musanapite." Ndinamuuza kuti sindine mbusa, ndine mphunzitsi wa masamu. Iye anati zilibe kanthu, ndipo anakankha mphika wa nyemba kuti tipeze pogwada. Ndinapemphera mwachidule chifukwa utsi unkandilowa m'maso, kenako anandipatsa kabuku ka mwanayo kuti ndimuwerengere tsiku lodzachotsa pulasitala.