Ufa woyera umene unapinda misana ya makumba athu

Sabata yathayi inayamba monga masabata onse a nyengo yotentha pamalo pathu poswetsera nsomba. Lolemba ndinayeza mpweya m'maiwe mbandakucha ndi kuchapitsa makoka, ndipo Lachiwiri magetsi atazima tinatha tsiku tikutunga madzi ndi ndowa kuti mazira a mlamba asafe. Zimenezi tinazizolowera, ndipo sindizo zandichititsa kulemba.

Lachitatu m'mawa tinkawerenga mbewu ya makumba imene gulu lina la alimi linalipira kale, ndipo pamene ndinkaitapa ndi sefa ndinaona kuti tinsomba tambiri tili ndi misana yopindika, tina zivindikiro za makha zili zazifupi moti kufiira kwa m'kati kumaonekera. Poyamba ndinaganiza za vitamini C, chifukwa nayenso akasowa msana umapindika, koma amene timathira m'chakudya anali watsopano ndipo ndinatsegula ndekha. Ndinadikira kuti papite maola anayi zitadya, kenaka ndinang'amba nsomba khumi zokulirapo za m'dziwe loyandikana ndi la mbewuyo, zimene zimadya chakudya chomwecho. Makina athu oyezera pH (muyeso wa asidi, umene nambala yake ikatsika ndiye kuti asidi ndi wamphamvu) anafa kalekale ndipo pempho langa la ena likadali pa tebulo la akuluakulu, choncho ndinagwiritsa ntchito timapepala tosintha mtundu. Mu chifu cha nsomba imene inayenera kuonetsa 2 kapena kutsikirapo, kapepala kanaonetsa 5, ndipo chakudya chinali chikadali nsenjerere pakati pa zala.

Ndinapita ku chigayo kumene timasakanizira chakudya, ndipo mnyamata wa kumeneko sanabise kanthu. "Achimwene, thumba la monocalcium phosphate linatha masabata asanu ndi limodzi apitawo, ndipo a ku ofesi anati tizithira laimu wa m'maiwe chifukwa zonse ndi kashiamu." Monocalcium phosphate ndi ufa umene timathira m'chakudya kuti nsomba zipeze fosiforasi womanga mafupa. Mnyamatayo sindinamukalipire, popeza maufa awiriwo ndi oyera mofanana ndipo palibe amene anamufotokozerapo kusiyana kwake.

Chimene chikundiwawa n'chakuti nkhaniyi si yachilendo kwa aliyense amene anaphunzira za nsomba. Magazi a nsomba ya m'madzi opanda mchere ali ndi michere yambiri kuposa madzi amene ikusambiramo, motero imataya michere nthawi zonse kudzera m'makha ndi mu mkodzo wake wochuluka uja. Sodiyamu, kolorayidi ndi kashiamu imatha kuzitola m'madzi momwemo ndi makha, koma fosiforasi m'madzi ndi wochepa kwambiri, ndipo pafupifupi yense amene amamanga mafupa ayenera kuchokera m'chakudya. Tsono fosiforasi wa m'madeya ndi mu soya ndi womangika mu phytate, chinthu chimene mbewu zimasungiramo fosiforasi, ndipo nsomba imalephera kumumasula bwino, ndipo wa m'mafupa a usipa sasungunuka pokhapokha atakumana ndi asidi wamphamvu. Ichi ndicho chifukwa chake timagula ufa wodula uja, umene umasungunuka mosavuta.

Asidi ameneyu nsomba za mtundu wa chambo ndi makumba zili naye wodabwitsa. M'chaka cha 1973, wasayansi D. J. W. Moriarty anaonetsa pa tilapia, nsomba ya mtundu womwewu, ya mu nyanja ya Lake George ku Uganda kuti chifu chake chimatsika kupitirira pH 2, mpaka kuphulitsa ndere zimene nsomba zina zimangozitulutsa zosagayika, komanso kuti m'mawa asidiyo amakhala asanachuluke, kotero chakudya choyamba chimadutsa chosagayika bwino. Patapita zaka zambiri, Carol Bucking ndi Chris Wood a pa McMaster University ku Canada anatsatira chakudya chimodzi m'mimba mwa nsomba ya trout, ndipo anapeza kuti asidi wa m'chifu ndiye amasungunula kashiamu ndi maginiziyamu, ndiponso kuti michere ina imayamba kulowa m'thupi chakudya chisanatuluke m'chifumo. Chikangofika m'matumbo chimakumana ndi ndulu ndi bicarbonate, mchere wozimitsa asidi, motero asidi amatha mphamvu, ndipo chimene sichinasungunuke m'chifu mwayi wake umakhala wochepa. Nsomba ya carp, imene ilibe chifu n'komwe, ndiyo umboni wake, pakuti fosiforasi wa m'mafupa imamutaya wambiri m'ndowe.

Laimu ndi mankhwala amene timathira m'dziwe pofuna kupha asidi wa m'matope, ndipo m'chifu cha nsomba amagwira ntchito yomweyo. Kuwonjezera apo, kashiamu wochuluka amakagwirana ndi fosiforasi ndi zinki m'matumbo, n'kutuluka nazo osalowa m'magazi. Choncho kwa masabata asanu ndi limodzi tinachotsa fosiforasi wosungunuka m'chakudya, tinazimitsa asidi amene akanamasula wotsalayo, ndipo tinathiramo chinthu chomanga ngakhale wochepa amene anapulumuka, zonsezi pa tinsomba timene mafupa ake anali akuumbika kumene.

Lachinayi ndinakafotokoza zimenezi ku ofesi nditanyamula tinsombato m'botolo. Yankho linali lakuti ufa uja ndi wochokera kunja, mtengo wake unakwera, ndipo alimi sawerenga misana ya nsomba. Ndinati, "Bwana, mlimi ameneyu adzadyetsa nsombazi madeya ake miyezi isanu ndi umodzi, ndipo pokolola adzapeza tinsomba tonyentchera, ndiye dzina limene adzalitchule kumudzi ndi langa, chifukwa ndine amene ndimamupatsira mbewu m'manja." Ndinakana kusaina chikalata chotulutsira mbewuyo. Chimene sindinanene pamaso pawo n'chakuti funso limodzi lokha kwa ine, pa foni, likanaletsa zonsezi, koma pamalo pano wogula zinthu amasintha chakudya cha nsomba osafunsa amene amazing'amba.

Lachisanu tinasiya laimu, tinapera fumbi la usipa kuti lilowe m'malo mwake pamene tikudikira ufa wodula uja, ndipo tinathira manyowa a nkhuku kuti madzi abiriwire, nsomba zipezeko chakudya chachilengedwe. Ndinauzanso odyetsa kuti m'mawa aziwaza pang'ono chabe, chakudya chochuluka chizibwera dzuwa litakwera. Tinsomba timene tinapindika kale sitidzawongokanso, ndipo tinatha masana onse tikutisankha timodzitimodzi.

Loweruka alimi aja anafika pa njinga ndi zigubu zawo, ena atanyamuka kusanache. A ku ofesi kunalibe, popeza Loweruka sabwera, motero ndinaima ndekha pa chipata kuwauza kuti abwerenso pakatha masabata anayi. Mayi wina wachikulire anasuzumira m'beseni la tinsomba tosankhidwa tija, natola kamodzi, nakatembenuza pa chikhatho, kenaka anandifunsa ngati ndalama ya ulendo wachiwiriwo adzabwezeredwa.