Mkuwa wa ku Zambia ndi katondo wa kwathu

Kuno ku Mchinji mabanja ambiri ali ndi nkhani ya agogo kapena amalume amene anakagwirako ntchito m'migodi ya ku Kitwe, Luanshya kapena Mufulira. Ndiye titafika pa mutu wa migodi m'phunziro la jogalafe, funso limodzi linandikola. Zambia ili pakhomo pompa, pa Mwami, nanga bwanji mkuwa wonsewo uli uko, kuno ayi? Ngakhale anzathu a ku Chipata, Azambia enieni, alibe Copperbelt yawo, dera lija la migodi ya mkuwa.

Zimene ndapeza n'zakuti nkhani yagona pa zomwe zinachitikira miyala kalekale. Zaka pafupifupi 880 miliyoni zapitazo, dera lomwe lero ndi kumpoto kwa Zambia ndi kumwera kwa Congo linatitimira n'kukhala chidikha chachikulu. M'menemo munaunjikana mchenga, matope ndi mchere wotsala madzi akaphwa. Miyala yopangidwa motero akatswiri amaitcha Katanga Supergroup, ndipo gawo lake la pansi ndi Roan. Apa ndi pomwe pananditengera nthawi kuti ndimvetse. Madzi amchere otentha ankayenda m'miyala yofiira ya mchenga, akusungunula mkuwa ndi kobalt pang'onopang'ono. Akakumana ndi matope akuda okhala ndi zotsalira za tizamoyo takale pamodzi ndi sulufule, mkuwawo unkagwidwa pomwepo. Patapita zaka mamiliyoni ambiri, zigawo za dziko zinagundana, miyala ija n'kukwinyika ngati mphasa yokankhidwa mbali zonse ziwiri. Makwinyawo anapanga uta wotchedwa Lufilian Arc, ndipo migodi yandandalika motsata utawo, kuchokera ku Luanshya ndi Chingola mpaka ku Lubumbashi, Likasi ndi Kolwezi ku Congo. Malire amene atsamunda analemba, mkuwa suwadziwa.

Ndipo atsamundawo sindiwo anayamba kuuona. Mwala wobiriwira wa malachite, womwe uli ndi mkuwa, umaonekera pamtunda, ndipo anthu akumeneko ankasungunula mkuwa kale, n'kuumba timitanda tomwe tinkagwira ntchito ngati ndalama. Tina tinapezeka m'manda akale a ku Ingombe Ilede, kufupi ndi Zambezi. Mgodi wa Roan Antelope ku Luanshya unayamba kutulutsa mkuwa mu 1931, boma linasonkhanitsa migodi pansi pa kampani yake ya ZCCM mu 1982, kenaka inagulitsidwanso kwa makampani, yaikulu kwambiri mu 2000. Ku Kabwe nkhani ndi ya mtovu ndi zinki. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma fumbi la mtovu likuvutitsabe ana mpaka lero. Mayeso sakonda kufunsa zimenezi, koma ine ndaziika m'kope langa ndi bolopeni yofiira.

Tsono ife tapondapo ndi pena. Pansi pa Mchinji, Kasungu ndi chigwa cha Lilongwe pali miyala yakale yolimba, makamaka gneiss, imene inaphikidwa ndi kutentha kwa pansi penipeni. Chidikha chija sichinafike kuno. Chomwe chinagwira ntchito kwathu ndi mvula ndi dzuwa, zomwe zakhala zikuwoletsa miyala mpaka kusanduka katondo wakuya amene timalimapo chimanga, mtedza ndi fodya. Kuwola komweko n'kumene kunamasula timchenga ta rutile, mwala wokhala ndi titanium, ku Kasiya, m'boma la Lilongwe. Mwala wofewa unasungunuka, koma rutile, poti ndi wolimba ndiponso wolemera, anatsalira n'kuchulukana kumtunda. Kampani ya Sovereign Metals imati malowa ndi aakulu kuposa ena onse odziwika a rutile padziko, ndipo kampani yaikulu ya migodi ya Rio Tinto inagula masheya m'kampaniyo mu 2023. Rutile amapangira utoto woyera komanso chitsulo cha titanium, ndipo pansi pake pali graphite wa m'mabatire.

Kusiyana kumeneku n'kumene kwanditsegula maso. Ku mgodi wa mkuwa wa Konkola ku Zambia anthu amatsika pansi kwambiri, ndipo mapampu amapopa madzi usana ndi usiku kuti mgodi usamire. Ku Kasiya chuma chili m'dothi la pamwamba lomwelo limene khasu limafikapo, ndiye kuti kukumba kwake kudzadya minda ya anthu. Sabata ya mawa ndiyamba kuwerenga lamulo la migodi la Malawi la 2023, ndione zomwe likunena pa za chipukutamisozi cha eni minda komanso za kubwezeretsa nthaka akamaliza kukumba.