Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Bala losaoneka ndi maso

M'gawo lapitali ndinalekezera pamene ndinafika ku England, chisanu chikundilowa m'mafupa. Sabata yachitatu aphunzitsi anga anandipatsa kachidutswa kakuda ka carbon fibre, nsalu zopyapyala zomatikizana ndi guluu zimene amapangira ndege zamakono, mamilimita 150 mulitali, 100 mulifupi, kopepuka ngati mbale ya pulasitiki. Anakamanga pa makina, chitsulo n'kugwa kuchokera m'mwamba, phaa! Ndinakatembenuzatembenuza pafupi ndi nyali. Kadzenje kake kanali kochita kupapasa ndi chala kuti ukapeze.

"Kali bwinobwino, aphunzitsi," ndinatero.

Sanandiyankhe. Anasolola ndalama yachitsulo m'thumba n'kuyamba kugogoda. M'mbali munkalira ngwee, koma pakati panangoti phu. Mtima wanga unathamangira ku Dedza, kwa mayi anga atanyamula mtsuko pamsika, akuugogoda ndi chala asanatulutse ndalama. Mtsuko wa mng'alu ankauzindikira ndi khutu.

Titakaunika ndi ultrasound, makina oonera m'kati mwa chinthu osachitsegula, ndinatuluka thukuta. Nsalu zomatikizana zija zinali zitalekana m'kati, bala lake looneka ngati mtedza wosasenda, lalikulu kuposa kadzenje kaja kutalitali. Aluminiyamu ukaimenya imaphwanyika poonekera, aliyense n'kuona. Koma nsalu za carbon fibre zimabisa bala, ndipo zikapanikizidwa, monga zimachitikira pamwamba pa phiko ndege ikakhala m'malere, mphamvu yake imakhala itatsika kale. Tsono ganizirani kuti theka la kulemera kwa thupi la Boeing 787, ndege imene Ethiopian Airlines inayamba kuulutsa mu 2012 isanakhale nayo kampani ina iliyonse ya mu Africa, ndi zipangizo zoterezi. Sipanala ikagwa m'manja mwa makaniko, ngolo ya katundu ikagunda pafupi ndi chitseko, matalala akagwa usiku, ndani angagogode ndege yonse ndi ndalama?

Ntchito yanga inayambira pamenepo. Ndinkamata timasensa ta piezoelectric, tizipangizo tosandutsa magetsi kukhala kunjenjemera ndi kunjenjemera kukhala magetsi, tozungulira ngati mabatani a malaya, m'mphepete mwa chidutswa. Kamodzi kankatumiza kunjenjemera kosamveka ndi khutu, tinato tikumvetsera. Kunjenjemerako kukadutsa pabala kumafika kutasintha, ndipo kompyuta imayerekeza ndi mmene kunkafikira chidutswa chili chabwino.

Zinandisowetsa tulo zimenezi. Kwa masabata atatu kompyuta inkandiuza kuti pali bala pa chidutswa chimene sichinamenyedwepo. Ndinasintha mawaya, ndinamatanso masensa, guluu n'kundisupula khungu la zala. Usiku wina ndinaimbira foni mayi, mawu akunjenjemera, ndi kuwauza kuti mwina ndibwerere kumudzi. Anangoti, "Wadya, mwanangu?"

M'mawa mwake, ndikuvula jekete, dzanja langa linakhudza paipi yotenthetsa chipinda imene inadutsa kuseri kwa tebulo langa. Muyeso woyamba ndinautenga m'mamawa chipinda chikuzizira, inayo masana chitafunda. Kutentha kumasintha liwiro la kunjenjemera kuja. Ndinakokera tebulo pakati pa chipinda, n'kupita kukabwereka choyezera kutentha.