Za Khrisimasi sizigulidwa tsiku limodzi

Chimene chimasautsa anthu pa Khrisimasi si kuchepa kwa ndalama kokha ayi. Vuto lalikulu ndi lofuna kugula zonse pa 23 ndi 24 Disembala, masiku amene aliyense ku Limbe, ku Lilongwe kapena ku Mzuzu akufunanso zomwezo. Minibasi zakweza mtengo, wogulitsa waona kuti muli pachangu, mvula ikugwa, mwana akukukokani kuloza nsapato. Mumafika kunyumba mutatopa, ndalama zatha, koma mchere ndi machesi mwaiwala.

Musanagule kanthu, yambani mwaganizira za Januwale. Malipiro a Disembala kawirikawiri amabwera msanga, ndiye kuti ena mudzawaona patatha masabata asanu kapena kuposerapo. Magulu ambiri a banki m'khonde nawonso amagawana mwezi womwewu, ndipo ndalama zikachuluka m'manja zimaoneka ngati sizitha. Pakatipa pali fizi ya teremu yachiwiri, makope, lendi, feteleza wobereketsa wa chimanga chimene mwadzala ndi mvula yoyamba, komanso chimanga chakudya, chomwe chimakwera mtengo mu Januwale ndi Febuluwale. Zimenezi musangozisungira ndalama, zilipireni. Ngati sukulu ikulola, kaikeni fizi kubanki Khrisimasi isanafike. Thumba la feteleza ligulidwe, likhale m'nyumba. Ndalama yokhala mu Airtel Money kapena Mpamba imachoka pang'onopang'ono osadziwa, koma thumba la Urea simungalidye. Zotsalazo ndiye za chikondwerero. Bonasi imene abwana sanapereke, kapena ndalama imene achimwene a ku Johannesburg alonjeza, musaiwerengere: fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Kenako werengani pakamwa. Lembani mayina a anthu amene adzadye, muonjezere atatu kapena anayi, poti kwathu kuno mlendo sabwezedwa. Mpunga wa kilogalamu imodzi umakwanira akulu 6 mpaka 8 ngati pali ndiwo ndi zina zoonjezera, choncho anthu 20 akufunika makilogalamu atatu, osati thumba. Nkhuku imodzi yachizungu imatuluka nthuli 10 mpaka 12, kutanthauza anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi ngati aliyense alandira ziwiri. Ufa musauiwale. Agogo ambiri akadya mpunga masana, madzulo amafunsa nsima.

Zouma zigulidwe kumayambiriro kwa Disembala, ngakhale mu Novembala ngati thumba likulola: mpunga, shuga, mafuta ophikira, mchere, ufa wa tirigu wa mandasi, Sobo, sopo ndi makandulo. Mabanja awiri kapena atatu akasonkherana n'kugula pa holoselo, monga belo la shuga kapena chigubu cha mafuta cha malita 20, amapulumutsa ndalama yooneka, bola agwirizane kagawidwe asanalipire. Pa chilichonse cha m'paketi onani deti lothera ntchito, makamaka pa zimene zatsitsidwa mtengo modabwitsa, chifukwa nthawi ino ndi imene katundu wokhalitsa amatulutsidwa. Mpunga wa Kilombero umadziwika ndi fungo lake. Tapani pansi pa thumba, osati pamwamba pokha, mununkhize, muone ngati si wosweka kwambiri kapena wosakaniza ndi mtundu wina. Ngati mukukayikira sikelo, ikanipo paketi yosatsegula ya shuga ya kilogalamu imodzi, muone chimene iwerenge. Ophikira nkhuni kapena makala akumbuke kuti mvula ikakhazikika nkhuni zouma zimasowa, ndipo mpunga wophika pa nkhuni zonyowa umamveka utsi.

Pa ndiwo ndi pamene ambiri amapsa mtima, ndiye tiyeni tikhalitsepo. Nkhuku zachizungu zimakhwima pa masabata pafupifupi 6, choncho alimi oweta za Khrisimasi amakhala ataika anapiye pofika pakati pa Novembala. Pezani mlimi wa m'dera lanu, mugwirizane mtengo, mupereke chikole, munene tsiku lodzatenga. Mukatero simudzalimbirana zotsala pa 24. Nkhuku ya chikuda igulidwe kutatsala sabata imodzi kapena awiri, koma muisunge payokha, osaiphatikiza ndi zapakhomo, chifukwa nkhuku ya kumsika ikhoza kubweretsa chitopa n'kumaliza khola lonse. Yosinza, yogwetsa mapiko, yopinda khosi kapena yotulutsa chitosi chobiriwira isiyeni, ngakhale itchipe bwanji.

Nyama yambiri ya mufiriji ndi yoika moyo pachiswe nyengo ino, pamene mphepo ndi ziphaliwali zimazimitsa magetsi. Firiji youmitsa ikakhala yodzaza ndipo simukuitsegula, imasunga nyama masiku pafupifupi awiri magetsi atazima. Ikakhala theka, ndi tsiku limodzi lokha. Malo otsala dzazanimo mabotolo a madzi aume, amathandiza kusunga kuzizira. Nyama imene yasungunuka n'kufunda musaiumitsenso. Kwa amene alibe firiji yodalirika, njira yabwino ikadali yosonkherana mbuzi mabanja anayi kapena asanu, n'kuipha m'mawa wa pa 25 kapena madzulo a pa 24. Koma nkhani ya mutu, miyendo, zam'kati ndi chikopa ithe mbuzi ikadali yamoyo. Mikangano yambiri ya pa Khrisimasi imayambira pa chiwindi.

Tomato, kabichi, tsabola ndi zina zosachedwa kuonongeka ndiye zigulidwe komaliza, pa 22 kapena 23, m'mamawa anthu asanadzaze. Tomato wa dzinja amadula komanso amaola msanga, choncho sankhani wina wakupsa, wina wongoyamba kufiira. Anyezi ndi mbatatesi zimapirira sabata yathunthu zikakhala pouma podutsa mphepo, osati mu jumbo. Ngati pali wachibale amene akudutsa msewu wa M1, mutumeni aime pa Lizulu kapena pa Jenda. Zipatso musavutike nazo, mango ali mbwee. Ofuna thobwa ayambe msanga za chimera, chifukwa kumeretsa ndi kuyanika kumatenga masiku, ndipo dzuwa la Disembala silidalirika. Thobwalo liphikidwe kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Likakhalitsa ndi kutenthaku limasasa.

Za mphatso, ife tikuona kuti mphatso imodzi pa khomo lililonse imaposa timphatso tambirimbiri ta munthu aliyense. Kwa makolo ndi apongozi kumudzi, shuga, mafuta, sopo, mchere ndi chitenje zimalandiridwa ndi manja awiri, ndipo zimawathandiza mpaka mu Januwale. Nsalu yathunthu ya mayadi 6 imatuluka zitenje zitatu, ndipo imatsika mtengo kusiyana ndi kugula chimodzichimodzi. Ana ndi amene Khrisimasi amaiyembekezera ndi chovala chatsopano, ndipo n'zoyenera. Ngati n'chosoketsa, nsalu ifike kwa atelala Novembala asanathe, mupereke theka la ndalama, ndipo tsiku lotenga likhale cha pa 15 Disembala kuti pakhale mpata wokonza pothina. Atelala amalandira ntchito yoposa mphamvu zawo mwezi uno, ndipo magetsi akazima ya mochedwa ndi imene imatsalira. Pa kaunjika pitani m'mawa wa tsiku lotsegula belo, muone zipi, m'khwapa ndi m'kolala. Mwana msiyeni kunyumba. Jambulani phazi lake pa katoni, mudule, mukalowetse mu nsapato. Yunifolomu kapena nsapato za kusukulu zikhozanso kukhala mphatso, bola pakhale kena kakang'ono kosangalatsa pambali.

Abale amene muli ku South Africa, katundu wotumiza pa basi kapena pa thiraki anyamuke Novembala kapena kumayambiriro kwenikweni kwa Disembala, chifukwa pa chipata cha Beitbridge pamadzaza kwambiri masiku oyandikira Khrisimasi. Nthawi ikatha, ndi bwino kungotumiza ndalama, n'kunena momveka kuti izi ndi za fizi, izi ndi za ndiwo. Olandiranso asamale ndi mauthenga onena kuti "ndalama ija mutumize pa nambala iyi", kapena oimba kuti atumiza ndalama molakwitsa. Onani kaye balansi nokha, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera kukampani ya mafoni.

Tsiku lopita kumsika idyani kaye, tengani pepala lanu la zogula, ndalama muzigawe m'malo awiri, ndipo ya basi yobwerera ikhale payokha.

Chotsala ndi chakudya chophikaphika. Mpunga ndi nyama zikagona pa kutentha kwa Disembala zimaonongeka ngakhale zisakununkha. Phikani za masana pazokha, za madzulo pazokha, ndipo zotsala zilowe mufiriji zikangozizira kapena zigawidwe kwa anansi tsiku lomwelo. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inakula kwambiri miyezi ya mvula ngati ino. Choncho pa pepala lanu lembaniponso mankhwala othira m'madzi akumwa ndi sopo wosambira m'manja, ndipo kabichi wodya wosaphika atsukidwe ndi madzi otetezedwa.