Madeya m'khola la Mphezi

Ndadya, ndasamba, koma tulo sitikubwera. Mawu a agogo alonda akungozungulira m'mutumu, ndiye bola ndilembe.

M'mawa nditalowa m'khola la Mphezi ndinapeza timadeya titamwazika pamchenga pafupi ndi ndowa ya madzi, pambali pake pali zotsalira za msipu wanthete. Ine sindinaike zimenezo. Usiku pafamu pano pamakhala munthu mmodzi yekha, choncho panalibe chofufuza.

Kwa inu amene mwangondipeza kumene, Mphezi ndi kavalo wa abwana, womusamalira ndine. Mvula yoyamba itagwa, msipu n'kuphuka, anagwidwa ndi laminitis, matenda otupa m'kati mwa ziboda, miyendo yonse yakutsogolo. M'kati mwa chiboda muli kafupa kolendewera pa timinofu topyapyala tambirimbiri, tomwe timakalumikiza ndi chigoba cholimba chakunjachi. Timinofuto tikatupa timayamba kutayana, kafupa kaja n'kupendekeka kuloza pansi. Zikafika poipa kamatha kuboola kuphazi. Tangoganizani chikhadabo chanu chikusupuka, inu n'kumaimirira pa chala chomwecho ndi makilogalamu oposa 400. Mphezi anali wonenepa kale, khosi lili gwaa ndi mafuta, ndipo akavalo otere shuga wa mu msipu wanthete amawapweteka msanga.

Agogo alondawo ndinawadikirira madzulo. Anafika ndi njinga yawo, chijasi atachikoloweka pahandulo.

"Agogo, kodi dzulo usiku munamupatsako kanthu Mphezi?"

Ndinkayesa akana. Ayi ndithu.

"Ndinamupatsa, mwana wanga. Timadeya ta m'manja basi, ndi kaudzu ndinamweta kuseriku. Inu mukumupatsa udzu wouma, nawonso mwayamba mwaunyika m'madzi mpaka kukoma konse kwatha. Wodwala amachira ndi zimenezo?"

Ndinayesetsa kufotokoza modekha, poti munthu wamsinkhu wa bambo ako sungamukalipire. Ndinati udzuwo timaunyika kwa ola limodzi dala, kuti shuga asungunukire m'madzimo, madziwo n'kutaya. Ndinati madeya ndi chimanga chomwe, ndipo kwa kavalo uyu chimanga chimakathera kuziboda. Ndinati sitikumupha ndi njala, chakudya chake timachita kuyeza pasikelo, chifukwa kavalo kapena bulu wonenepa ukamumana chakudya mwadzidzidzi mafuta amadzadza m'magazi, chiwindi n'kuwonongeka. Ankangogwedeza mutu, kugwedeza kuja kwa munthu wamkulu amene akudikira kuti mwana amalize.

Kenako anati, "Kwathu ku Mitundu ng'ombe ikagona osadzuka sitiyisiya kuti izivutika. Inu mumati mumamukonda. Koma usiku mumakhala muli kwanu m'bulangete. Amene amamva kubuula kwake ndine."

Apa ndiye ndinasowa chonena.

Chifukwa sakunama. Ine ndimamuona masana, mankhwala ochepetsa ululu otchedwa bute akugwira ntchito, ataima mmene amaimira muja, miyendo yakutsogolo ataitambasulira kutsogolo, thupi atalikankhira kumbuyo kuti kulemera kugwere kuzidendene. Amanditsatira ndi maso, nthawi zina n'kundikoka malaya ndi milomo, ine n'kumati lero bola. Za pakati pa usiku sindiziona. Ndimangopeza mchenga utakumbika pomwe amalimbana kuti adzuke, ndi tizilonda m'chiuno tobwera chifukwa chogona nthawi yaitali, tomwe ndimapaka mafuta m'mawa uliwonse.

Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, koma ndinawapempha kuti tilowe limodzi m'kholamo. Ndinawagwira dzanja n'kuika zala zawo kumbuyo kwa mfundo ya pamwamba pa chiboda, pomwe pamadutsa mtsempha. Pa kavalo wabwinobwino kugunda kwa pamenepo umachita kukusakasaka. Pa Mphezi lero kumachita kukankha chala. Kenako ndinawagwiritsa chibodacho.

"Iii, chikutentha," anatero.

Ndinawaonetsanso mizere yozungulira chiboda, yothinana kutsogolo koma yotalikirana chakuchidendene, ndi kachigawo kosalala kamene kayamba kutuluka m'munsi mwa ubweya. Kameneko ndi chiboda chatsopano. Chimakula pang'onopang'ono, sentimita imodzi pamwezi sichikwanitsa bwino, ndiye kuti chonse chisinthike pamafunika pafupifupi chaka. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anangoti, "Chaka," n'kutuluka kukayatsa mbaula yawo. Sanalonjeze kanthu.

Chimene chikundipweteka n'chakuti ndatopa, ndipo munthu wotopa safuna kuuzidwa kuti mwina akuvutikira pachabe. Masiku oyambirira aja tinkamuimika m'madzi a ayisi usana ndi usiku, chifukwa kuzizira kumathandiza matendawa akangoyamba kumene. Magetsi anathima, furiji n'kusungunuka, ine n'kumazungulira m'tauni pa kabaza kufunafuna ayisi wa mabuloko. Anthu akandifunsa ngati kuli ukwati ndinkangoti eya, kuti nkhani ithe. Mchenga wa m'kholamo tinachita kutuma ngolo ya abulu kudambo, ndipo mnyamata wangoloyo atamva kuti ndi wogonapo kavalo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Abulu akewo ziboda zinali zitatalika mpaka kupindikira m'mwamba. Ndinamuuza kuti akawawenge, anangondiyang'ana.

Tsiku lina, kaya linali Lamlungu lapitali kaya lina lija, ndinagona mochedwa ndikuwerenga pafoni za Secretariat, kavalo wampikisano wotchuka ku America. Anamupha mu 1989 chifukwa cha matenda omwewa. Kavalo wa anthu a ndalama, madokotala ali pompo, koma zinakanika. Ndinazimitsa foni ndili wokwiya, osadziwa kuti ndakwiyira ndani.

Komabe akavalo ambiri amachira, ena mpaka kukwerekanso. Adokotala a ziweto anatiuza poyera kuti kafupa kapendekeka ndithu koma sikanatsike kwambiri, ndipo wowenga ziboda akamafupikitsa kutsogoloku pang'onopang'ono, ife n'kumasunga lamulo la zakudya, mwayi ulipo. Anatichenjezanso kuti bute si womwa mpaka kalekale, amayambitsa zilonda zam'mimba ndipo amavutitsa impso. Ndiye tsiku lidzafika loti tichepetse mankhwalawo, tione ululu weniweni umene watsala. Tsiku limenelo ndimaliopa kuposa madeya a agogo.

Mwina n'chifukwa chake ndalephera kuwakwiyira mokwanira. Anachita cholakwika, chimenecho sindikubweza, timadeya ta m'manja tikhoza kutibweza m'mbuyo milungu yambiri. Koma funso lawo lija ndi lomwe ine ndimalizemba ndikamatola ndowe m'mawa.

Mawa adokotala akubwera ndi makina a ekiseleyi. Akaona kutentha kwa zibodazi adzafunsa chimene chasintha, ndipo abwana adzakhala ali pomwepo. Ndikanena, agogo ntchito yawathera, ndipo ali ndi zidzukulu zomwe amalera. Ndikabisa, adokotala adzayesa kuti chithandizo chikukanika n'kuyamba kulankhula zija zoti aphedwe. Mwina ndiwaimbire foni adokotalawo m'mawa asananyamuke, ndiwauze paokha. Kaya amva bwanji. Kiyi wa kusitolo ya zakudya ndabwera naye kunyumba, ngakhale ndikukayika kuti madeyawo anawatenga mmenemo, chifukwa thumba lathu ndinalipeza lomanga bwinobwino.