Mbaula ya bitcoin ya ku Rosettenville

Masamu a kukumba bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene makompyuta amapeza polimbirana kulemba buloko, tsamba latsopano la m'kaundula wa malonda ake, anali osavuta, ndipo mu May 2011 ankakoma kwambiri. Nthawi imeneyo buloko iliyonse inkatulutsa bitcoin 50, buloko imodzi pa mphindi pafupifupi 10, kutanthauza 7,200 pa tsiku zogawana onse okumba padziko lonse, aliyense molingana ndi liwiro la makina ake. Purosesa ya kompyuta wamba inali itatha kale mano, inkangokwawa ndi ma megahash, muyeso wa liwiro lokumbira, ochepa pa sekondi. Akatundu anali makadi a zithunzi a AMD, aja anyamata amasewerera magemu. Radeon HD 5850 imodzi inkakoka ma megahash 300, pomwe ya Nvidia ya mtengo womwewo sinkafika ndi theka lomwe. Ndinawerengera kuseri kwa lisiti kushopu yokonza makompyuta komwe ndinkagwira ntchito ku Johannesburg: makadi anayi, ma megahash 1,200, difficulty, nambala yosonyeza kuvuta kwa kukumba, ili pa 244,000, zikutuluka bitcoin pafupifupi zisanu pa tsiku. Imodzi madola 7, dola imodzi marandi 7. Makinawo ankayenera kumalandira kuposa mwini wake.

Chomwe lisitiyo sinanene n'choti anthu masauzande ankawerengera masamu omwewo sabata yomweyo. Makadi a 5850 ndi 5870 anasowa m'mashopu, ndinachita kutolera ogwirapo kale ntchito, iyi uku iyo uko. Difficulty imasintha pakatha mabuloko 2,016 aliwonse, ngati masabata awiri, kuti mabuloko asamatuluke mofulumira makina akachuluka. Mbale ya nsima imakhala yomweyo, koma manja ndiwo amachuluka. Pomwe ndimayatsa makina kumayambiriro kwa June, difficulty inali itadutsa 500,000, zisanu zija zasanduka ziwiri.

Kamangidwe kake kanali ka aliyense nthawi imeneyo. Mathabodi, bolodi lalikulu la m'kompyuta, ya mabowo anayi a PCIe olowetsamo makadi, purosesa yotchipa ya Sempron 140 chifukwa ilibe ntchito yeniyeni, pawa sapulayi ya mawati 850, zonse mu kreti yapulasitiki yonyamulira mkaka. Makadi anayi sangakhale mothithikana pa mathabodi, amaphikana, ndiye mumawakweza m'mwamba ndi tizingwe taphanthiphanthi totchedwa ma riser n'kuwamangirira pa kreti ndi ma cable tie. Windows inkakana kuona khadi yopanda sikirini, choncho mumatenga kachida kosinthira DVI kupita ku VGA, n'kulowetsamo ma resistor atatu a 68 kapena 75 ohm, khadi izidziona ngati ili ndi sikirini. Memore ya khadi mumaitsitsa kuchoka pa 1,000 MHz kufika pa 300, popeza kukumba sikuifuna ndipo imangowonjezera kutentha. Kukumba nokha ndi liwiro limenelo kunali kudikira masabata osaona kanthu, ndiye ndinalowa pool, pomwe mumaphatikiza mphamvu ndi ena, mphoto n'kumagawana eni pool atadulapo kawo.

Pa khoma, kretiyo inkadya mawati pafupifupi 800 usana ndi usiku. Amenewo ndi mayuniti 19 pa tsiku, oposa 570 pa mwezi. Ndinkakhala m'kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Rosettenville, mu Johannesburg momwemo, chimodzi mwa zipinda zisanu za malata, ndipo magetsi tonse tinkalipirira mu lendi, mtengo wosasintha. Mita yogulira mayuniti inali m'nyumba yaikulu, kwa mayi eninyumba. Pa lisiti ija, mzere wa magetsi ndinalembapo ziro.

June ku Joni kumazizira zoti madzi a pampopi amaluma zala. Mawati 800 onse aja amathera kukhala kutentha, ndipo kachipinda kanga kanafunda zoti ndinkagona ndi kabudula. Mayi eninyumba ataona mayuniti akutha ngati akudontha, anayamba aitana wokonza giza, thanki yotenthetsera madzi ndi magetsi. Giza inalibe mlandu. Kenako anayenda chipinda ndi chipinda kulanda mahita onse pabwalopo. Kwanga anasuzumira, anaona kreti ikulira, anafunsa kuti n'chiyani. Ndinati ndi kompyuta, Mama. Anagwedeza mutu, n'kupita kukalanda hita kwa nesi wa chipinda choyandikana. Olandidwa mahita aja anayamba kubwera kwa ine madzulo aliwonse kudzaotha. Mlamu wanga, mchimwene wa akazi anga amene ndinawasiya kumudzi ku Ntcheu, anabwera kudzagona usiku umodzi akufunafuna ntchito. Pakadafunda padajiwitsa galu. Mlamuyo sanachokenso.

Pa 8 June mtengo unagunda madola 31 pa Mt. Gox, msika wa ku Japan womwe pafupifupi malonda onse a bitcoin ankachitikirako. Ndinauza odzaotha aja kuti kreti imene akuwambapo mapaziyo ikupanga marandi 400 pa tsiku, ndipo kuyambira usiku umenewo ankanditchula Bwana. Kugulitsa sikunali kwa chidule kwa munthu wokhala kumwera kwa Africa. Anthu a ku America anali ndi Dwolla, njira yotumizirana ndalama pa intaneti, enafe tinkafunika kudikira ndalama zodutsa m'mabanki kuchokera kunja, zodulidwa mbali zonse ziwiri, komanso fomu yofotokoza komwe zachokera. Nanga muzilemba chiyani pamenepo? Komanso chinthu chimene chachoka pa dola imodzi mu February kufika pa 31 mu June, ndani angachigulitse? Pa 19 June akuba a pa intaneti analowa pa Mt. Gox, mtengo pamsikawo unagwa mpaka senti imodzi kwa kanthawi, msika n'kutsekedwa kwa masiku. Utatsegulidwa mtengo unali m'ma 17, ndipo unangoyamba kutsetsereka. Difficulty yokha ndiyo inkakwerabe, chifukwa makadi omwe anthu anaitanitsa pa 31 anali akufikabe. Mu August inayandikira 1.9 miliyoni, kreti yanga sinkakwanitsanso ngakhale bitcoin imodzi pa tsiku. Pofika November mtengo unali pakati pa madola 2 ndi 3. Zokumba za tsiku zinali za marandi 20, magetsi ake a marandi pafupifupi 20 omwewo. Ubwana unatha, odzaotha anatha, kunja kunatentha, makadi ankafika madigiri 90 pansi pa malata, mafani akulira pa 100 peresenti.

Mlamu yekha ndiye anali atapezera kretiyo ntchito ina. Basi ya kumudzi inamubweretsera thumba la usipa umene unagwira chinyezi m'njira, ndipo anaona kuti mpweya wotuluka m'makadi umaumitsa bwino kuposa dzuwa. Ankayala usipawo pa nyuzipepala pamwamba pa kreti. Tinakanganapo, chifukwa nyuzipepala imatseka mpweya, koma anati, "Alamu, makina anuwa chipindulireni ndi pa usipa womwewu." Ndinalibe masamu omutsutsira.

Lachisanu lina madzulo m'chipinda munayamba kafungo. Ine ndinati ndi usipa. Iye anati usipa wa ku Monkey Bay sununkha pulasitiki. Tili mkati motsutsana, kautsi kanayamba kutuluka pansi pa kreti.

Gwero lake ndi ili, kwa amene amakonda mawaya. Khadi ya 5850 ili ndi mapulagi awiri a 6-pin ochokera ku pawa sapulayi, ndiye munthu amaganiza kuti magetsi ake onse amadzera pamenepo. Ayi. Ena imawakoka kudzera m'bowo la PCIe, lomwe limaloledwa kupereka mpaka mawati 75. Ma riser anga anali wamba, opanda chingwe chawochawo cha magetsi, choncho makadi onse anayi ankayamwa pa mathabodi. Mathabodi nayo imalandira 12V ya mabowowo kudzera m'mawaya awiri okha achikasu pa pulagi yaikulu ya 24-pin, ndipo phini iliyonse inapangidwira ma amp ngati 6. Makadi awiri, palibe vuto. Anayi, usana ndi usiku kwa miyezi, maphini amatentha, amada, akada amakanika kudutsa magetsi bwino, n'kutentha kwambiri, mpaka pulasitiki isungunuke. Mankhwala ake ndi riser yokhala ndi pulagi ya molex, yotenga 12V molunjika ku pawa sapulayi. Inali yodulirapo ndi marandi ochepa chabe.

Chinthu chamagetsi chikayamba utsi, mumazula pulagi pa khoma, basi. Ine ndinagwada kuti ndifike pa pulagi, yomwe inali kuseri kwa bedi. Mlamu sanadikire. Anatenga poto wa madzi omwe anatereka kuti aphike nsima, n'kukhuthulira yense pa kreti, pa usipa, ndi pa msana wanga. Mwamwayi anali asanawire. Kunamveka phu! kenako mdima bwalo lonse, nyumba yaikulu yomwe. Madzi atalowa mu pawa sapulayi, swichi yoteteza anthu ku magetsi yotchedwa earth leakage inagwa, monga imayenera kuchitira magetsi akathawira pansi ndi ma milliamp 30 okha, ndipo ndi chifukwa chake ndili moyo. Koma earth leakage ikagwa imazimitsa nyumba yonse, ndipo bokosi lake linali m'khitchini mwa mayi eninyumba, omwe anali atatseka n'kupita kwawo ku KwaZulu-Natal mpaka Lolemba usiku. M'khitchini momwemo munali firiji yaikulu yogona, yodzaza ndi nyama ya ng'ombe ya mwambo wa chiliza cha malemu amuna awo. November, masiku atatu, mawindo otseka.

Lachiwiri m'mawa bwalo lamilandu linakhala panja, chifukwa m'nyumba simunkalowekanso. Nesi uja anapereka umboni wa hita yake. Mwana wa mayiwo, yemwe ankaphunzira zamagetsi kukoleji, anawerenga chizindikiro cha pa pawa sapulayi, n'kuchulukitsa ndi maola 24 ndi miyezi isanu pa foni yake, mokweza, aliyense akumva. Mayiwo anangofunsa funso limodzi: "Ndalama zimene mwakhala mukupanga ndi magetsi anga zili kuti?" Ndinaloza hadi disiki, yomwe inapulumuka chifukwa ndinaimangirira kunja kwa kreti, mmene munali fayilo ya wallet.dat, yosunga makiyi a bitcoin zanga. Anaiyang'ana kwa nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

Bitcoin zonse, pafupifupi 130, ndinagulitsa kwa mnyamata wina wa kuyunivesite pa marandi 20 imodzi, ndalama m'manja. Malonda otero mumatumiza kaye, n'kukhala pansi ndi wogulayo kudikira ma confirmation, mabuloko otsimikizira kuti zafika, asanu ndi limodzi, ola lathunthu, mukuyang'anizana. Zinakwanira nyama. Makadi atatu omwe anauma bwino ndinawatsuka ndi spiriti, n'kugulitsa kwa anyamata a magemu, ndipo zinapita ku mayuniti. Mmodzi anabwereranso kudzafunsa chifukwa chake kompyuta yake ikatentha imanunkha nsomba. Mayi eninyumba anaika mita yakeyake pa chipinda chilichonse, zomwe alendi anzanga sanandikhululukire. Mlamu anakhalabe mpaka June wotsatira. Usiku woyamba wa chisanu anadzikulunga bulangeti langa, n'kundifunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi alamu, zikumbakumba zija munasiyiratu? Komatu munkazitha."