Lipoti la Ulendo wa ku Quincy ndi Boston: Kutsata Mibadwo ya Banja la Adams

Gulu lathu la Amalawi okhala m'chigawo cha Massachusetts linagwirizana kuti ulendo wophunzira wa chaka chino ukhale wotsata banja limodzi la nthawi ya atsamunda a ku Britain, kuyambira pa munthu woyamba amene anawoloka nyanja mpaka pa zidzukulu zake za m'zaka za m'ma 1900. Tinasankha banja la Adams chifukwa manda ake, nyumba zake ndi makalata ake zili malo oyandikana, ndipo munthu amafika mosavuta pa sitima ya Red Line kuchokera ku Boston kukatsikira pa Quincy Center. Ambiri a ife tinkangodziwa kuti banjali linatulutsa mapulezidenti awiri a dziko la America, John Adams ndi mwana wake John Quincy Adams. Komiti inandipempha kuti ndilembe zimene tinaona ndi kuphunzira, kuti anzathu amene sanathe kupita nawo apindule.

Tinayambira kumanda a Hancock Cemetery, amene anthu anayamba kuikako maliro cha m'ma 1640. Kumeneku n'kumene kunagona Henry Adams, kholo la banjali ku America, yemwe anafika cha m'ma 1638 pamodzi ndi mkazi wake Edith Squire ndi ana awo. Anali mlimi komanso wopanga chimera cha balere chofululira mowa. Akuluakulu a Boston anamupatsa maekala 40 ku Mount Wollaston, powerengera maekala anayi pa munthu aliyense wa pabanja pake, ndipo dera limeneli linakhala tauni ya Braintree mu 1640. Iye anamwalira mu 1646, asanathe ndi zaka khumi zomwe m'dziko latsopanolo. Malo amene ankagawidwawo anali a anthu a mtundu wa Massachusett, amene mliri wa zaka za 1616 mpaka 1619 unawapulula kwambiri azungu asanakhazikike, ndipo ndikuona kuti mbiri ya banja lililonse la atsamunda iyenera kutchula zimenezi poyambirira.

Chimene chinatiimitsa nthawi yaitali pamandapo ndi mwala wachikumbutso umene John Adams, pulezidenti wachiwiri, anaikitsa atakalamba polemekeza makolo ake. Mawu a pamwalawo amanena kuti Henry anathawa chizunzo cha chipembedzo ku Devonshire ndipo anafika ndi ana aamuna asanu ndi atatu. Umu ndi mmene banjalo linkafotokozera mbiri yake, ndipo wolembetsa mawuwo anali loya wophunzira kwambiri, wokonda makolo ake, amene anabadwa pasanathe zaka 100 chifikireni Henry. Komabe akatswiri atafufuza m'mabuku a ubatizo ndi ukwati a matchalitchi a ku England, anapeza kuti Henry kwawo kunali ku Barton St David m'chigawo cha Somerset, ndiponso kuti anakwatira Edith mu 1609 m'mudzi woyandikana nawo wa Charlton Mackrell. J. Gardner Bartlett anasindikiza umboni umenewu mu 1927. Nkhani ya pakamwa inasunga bwino zakuti banjali linachokera kumadzulo kwa England, koma inaphonya chigawo chenicheni, ndipo cholakwikacho chinazokotedwa pamwala, pomwe alendo amachiwerenga mpaka lero.

Mibadwo iwiri yotsatira ndi yovuta kuisiyanitsa chifukwa bambo ndi mwana onse anali Joseph. Joseph woyamba anabadwira ku England mu 1626, anapitiriza ntchito ya chimera, ndipo anamwalira mu 1694. Joseph wachiwiri anabadwa mu 1654 n'kumwalira mu 1737. Mchimwene wa m'mimba imodzi wa Joseph wachiwiriyu, dzina lake John, anasamukira ku Boston, ndipo mdzukulu wake ndiye Samuel Adams, mmodzi wa otsogolera kuukira ulamuliro wa Britain. Choncho Samuel ndi pulezidenti John Adams agogo awo aamuna anali pachibale. Mayina a John, Joseph, Abigail ndi Susanna amabwerezedwa kwambiri m'banjali moti aliyense wa ife anayamba kulemba chaka chobadwa pambali pa dzina lililonse, chifukwa popanda kutero munthu amasokoneza agogo ndi mdzukulu.

Tili pomwepo, mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu, amene kwawo ndi ku Dedza, anafunsa a tcheyamani kuti, "Bambo, mwatiwerengera abambo okhaokha, nanga anawa anabadwa kwa yani?" Funso limeneli linasintha ulendo wonse. Kwa ife amene tinakulira m'mbumba, momwe mwana amawerengedwa kuchikazi ndipo malume ndiye mwini mbumba, mzere wa mayina a abambo sukwanira kufotokoza banja. Titatsegula mapepala amene tinatenga, tinapeza kuti mkazi wachiwiri wa Joseph wachiwiri anali Hannah Bass, mwana wa Ruth Alden, yemwe anali mwana wa Priscilla Mullins ndi John Alden. Awiriwa anafika ku Plymouth mu 1620 pa chombo cha Mayflower, chimene chinanyamula anthu 102, ndipo pafupifupi theka la anthuwo anamwalira m'nyengo yozizira yoyamba. Priscilla anataya bambo ake, mayi ake ndi mlongo wake m'miyezi yomweyo n'kutsala yekha. John Alden anali mmisiri wokhoma migolo amene analembedwa ntchito ku Southampton. Choncho ubale wa mapulezidenti awiriwa ndi anthu a pa Mayflower unadzera mwa amayi atatu otsatizana, Priscilla, Ruth ndi Hannah, ndipo dzina la bambo linkasintha pa mbadwo uliwonse, kuchoka pa Mullins kupita pa Alden, kenako Bass. Munthu wotsata dzina la Adams lokha sangaupeze mzere umenewu.

Kuchoka kumanda tinapita ku Franklin Street, kumene kuli nyumba ziwiri zamatabwa zoyang'anizana pafupi kwambiri, zosungidwa ndi National Park Service, nthambi ya boma yosamalira mapaki ndi malo a mbiri yakale. Yoyamba inagulidwa mu 1720 ndi mwana wa Hannah Bass, John Adams wa mbadwo wachinayi, amene anali dikoni wa mpingo, mlimi m'nyengo yolima ndi wosoka nsapato m'nyengo yozizira. Mu 1734 anakwatira Susanna Boylston wa ku Brookline, wochokera m'banja lodziwika kuposa lake. Zabdiel Boylston, yemwe anali pachibale ndi bambo a Susanna, ndiye dokotala amene anayamba kutemera anthu nthomba ku Boston mu 1721, potsatira njira imene kapolo wa ku Africa wotchedwa Onesimus anafotokozera m'busa Cotton Mather. M'nyumba imeneyi ndi mmene munabadwira pulezidenti John Adams mu 1735.

Pa tsiku lobadwa lakelo tinaphunzirapo chinthu chimene wofufuza aliyense wa nthawi imeneyi ayenera kudziwa. Mabuku ena amati anabadwa pa 19 Okutobala, ena pa 30 Okutobala, ndipo onse akunena zoona. Britain ndi maiko ake anasintha kalendala mu 1752, pamene tsiku la 2 Seputembala linatsatidwa ndi la 14 Seputembala, motero masiku akale a m'zaka za m'ma 1700 amawonjezeredwa masiku 11. Komanso kusinthaku kusanachitike chaka chinkayamba pa 25 Malichi, n'chifukwa chake munthu wobadwa mu Januwale kapena Febuluwale, monga dikoni John Adams, chaka chake chimalembedwa kuti 1690/1. Wosadziwa zimenezi akhoza kuganiza kuti wapeza anthu awiri pamene ndi mmodzi.

Nyumba yachiwiri ndi imene John, mwana wa dikoni uja, analandira bambo ake atamwalira mu 1761. Anakhalamo ndi Abigail Smith wa ku Weymouth, amene anamukwatira mu 1764, ndipo m'chipinda chake cha ntchito ya uloya analemberamo malamulo oyendetsera Massachusetts mu 1779. Mwana wawo John Quincy Adams anabadwiramo pa 11 Julayi 1767. Dzina lapakatilo nalonso linadzera kuchikazi, pakuti mayi a Abigail anali Elizabeth Quincy, mwana wa Colonel John Quincy, amene anatsogolera nyumba ya malamulo ya Massachusetts kwa zaka zambiri ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa mwanayo atabadwa. Mbali ya kumpoto ya Braintree itakhala tauni payokha mu 1792, inatchedwa Quincy polemekeza mkulu yemweyu. Zimenezi zikutanthauza kuti mapulezidenti onse awiri analembedwa m'kaundula wa Braintree ngakhale nyumba zawo lero zili ku Quincy. Kutsata kuchikazi kunationetsanso mbali yowawa. John Adams sanakhalepo ndi kapolo, koma apongozi ake, m'busa William Smith, anali nawo, ndipo mmodzi wa iwo, mayi wotchedwa Phoebe amene Abigail anamudziwa kuyambira ali mwana, anamasuka m'busayo atamwalira mu 1783. Anthu ngati Phoebe amapezeka m'mawilo (zikalata zogawira chuma cha masiye) ndi m'makalata a eni ake ndi dzina limodzi lokha, popanda makolo, ndipo mibadwo yawo singatsatidwe ngati ya a Adams.

Masana tinafika pa nyumba yaikulu imene John Adams ankaitcha Peacefield. Inamangidwa mu 1731 ndi Leonard Vassall, amene chuma chake chinachokera m'minda ya nzimbe ya akapolo ku Jamaica. John ndi Abigail anaigula mu 1787 ali ku London n'kulowamo mu 1788, ndipo mibadwo inayi inakhalamo mpaka Brooks Adams, mdzukulu wa John Quincy, atamwalira mu 1927. Banjalo linaipereka ku boma mu 1946. Pambali pake pali laibulale yamiyala imene Charles Francis Adams, mwana wa John Quincy komanso kazembe wa America ku Britain kuyambira 1861 mpaka 1868, anamanga mu 1870 potsatira chifuniro cha bambo ake chakuti mabuku awo asungidwe m'nyumba yosagwira moto. Muli mabuku oposa 12,000. Limodzi la mabuku a banjali ndi Baibulo limene anthu a mtundu wa Mende a ku Sierra Leone, amene anadzimasula pa chombo cha Amistad mu 1839, anapereka kwa John Quincy Adams atawaimira pa khoti lalikulu la dzikolo mu 1841 n'kupambana mlanduwo. Charles Francis anakwatira Abigail Brooks mu 1829, mwana wa Peter Chardon Brooks, mmodzi wa anthu olemera kwambiri ku Boston, ndipo chuma chimenechi n'chimene chinapatsa ana awo, monga wolemba mbiri Henry Adams ndi mng'ono wake Brooks, mpata wothera moyo wawo pa kuwerenga ndi kulemba.

Ndikayang'ana mibadwo isanu ndi itatu yonseyi pamodzi, ndimaona kuti abambo a m'banjali anasunga dzina ndi munda kwa mibadwo inayi popanda kutchuka, ndipo zambiri zimene zinalikweza zinalowa pa ukwati: ubale wa Mayflower kudzera mwa Hannah Bass, ulemu wa banja la Boylston kudzera mwa Susanna, dzina ndi maubale a ndale kudzera mwa Abigail Smith, ndi chuma kudzera mwa Abigail Brooks. Sindikuchepetsa khama la abambowo, makamaka dikoni amene anaumirira kuti mwana wake woyamba apite ku koleji ya Harvard, kumene anamaliza mu 1755. Koma chithunzi cha mibadwo chimene chimangotsika ndi dzina limodzi chimabisa theka la nkhaniyi. Chimabisanso nthambi zimene zinafota. Charles, mwana wa pulezidenti John Adams, anamwalira mu 1800 atagonja ku mowa. Mlongo wake Abigail, amene ankamutcha Nabby, anamwalira ndi khansa ya m'mawere mu 1813. Ndipo George Washington Adams, mwana woyamba wa John Quincy, anamira m'nyanja mu 1829.

Pobwerera ku siteshoni tinalowa m'tchalitchi cha United First Parish Church, chomangidwa mu 1828 ndi miyala ya ku Quincy komweko. M'chipinda chapansi muli manda anayi oyandikana, a John amene anamwalira pa 4 Julayi 1826, a Abigail amene anamwalira mu 1818, a John Quincy amene anamwalira mu 1848, ndi a mkazi wake Louisa Catherine Johnson, wobadwira ku London.

Gawo lomaliza la ulendowu linali ku Boston. Ku Massachusetts Historical Society, bungwe lokhazikitsidwa mu 1791 lomwe lili pa Boylston Street, msewu wotchedwa dzina la banja la Susanna, n'kumene kumasungidwa mapepala a banja la Adams, kuphatikizapo makalata oposa 1,100 amene John ndi Abigail analemberana. Ku New England Historic Genealogical Society, bungwe lokhazikitsidwa mu 1845 pa ntchito yofufuza mibadwo, tinaona chifukwa chimene mabanja a dera lino amatsatika mosavuta chonchi. Kuyambira mu 1639 boma la Massachusetts Bay linalamula kuti kubadwa, ukwati ndi imfa zizilembedwa, ndipo alembi a matauni ankachita ntchitoyi chaka ndi chaka. Pa izi pamawonjezeka mabuku a mpingo, zikalata zogulitsira malo ndi mawilo. Wilo ndi wofunika kwambiri potsata amayi, chifukwa bambo akamagawa chuma amatchula mwana wake wamkazi ndi dzina la kubanja kumene anakwatiwa, ndipo pamenepo mpamene wofufuza amalumikiza Ruth wa kwa Alden ndi Ruth wa kwa Bass. Lamulo la ntchitoyi ndi lakuti munthu ayambire pa mbadwo umene ali nawo umboni, abwerere m'mbuyo mbadwo umodziumodzi, ndipo asalumikize mwana ndi kholo chifukwa chongofanana dzina.

Pa msonkhano wotseka ulendowu gulu linagwirizana kuti ulendo wotsatira utsate mzere wa amayi mpaka kumayambiriro kwake. Tidzapita ku Weymouth kukaona nyumba imene Abigail Smith anabadwiramo mu 1744, kenako ku Duxbury kumene John Alden ndi Priscilla anakhazikika atachoka ku Plymouth. Komiti ikupempha amene akufuna kupita nawo kuti alembetse msanga, popeza nyumba zakalezi zimatsegulidwa m'miyezi yofunda yokha ndipo zimalandira anthu ochepa pa nthawi imodzi.